Joliet Junior College ndi Mzinda Umene Unaibereka

Joliet Junior College ndi koleji ya boma ya maphunziro a zaka ziwiri yomwe ili mumzinda wa Joliet, m'chigawo cha Illinois ku America, makilomita pafupifupi 60 kumwera chakumadzulo kwa Chicago. Inayamba m'chaka cha 1901 ndi ophunzira asanu ndi mmodzi, ndipo mwa makoleji onse a boma a mtundu umenewu omwe akugwirabe ntchito m'dzikolo, iyi ndiyo yakale koposa. Makoleji otere amatchedwa community college. Amalandira pafupifupi aliyense amene anamaliza sekondale, fizi yake ndi yotsika poyerekeza ndi ya ku yunivesite, ndipo ophunzira ambiri amanyamuka kunyumba m'mawa n'kukagonanso kwawo madzulo. Chaka cha maphunziro chimayamba kumapeto kwa Ogasiti, kutentha kukamacheperachepera, chimanga ndi soya zikukhwima m'minda yozungulira mzindawu. Anthu amene amabwera kudzalembetsa m'masabata amenewa akhala akusintha m'badwo ndi m'badwo, ndipo kusinthako kwakhala kukutsatira mmene ntchito ikupezekera kapena kusowera mumzindamo.

Mzinda wa Joliet uli m'mphepete mwa mtsinje wa Des Plaines. Dzina lake linachokera kwa Louis Jolliet, amene anadutsa m'derali pa bwato mu 1673 pamodzi ndi wansembe Jacques Marquette. Chimene chinakulitsa malowa ndi ngalande ya Illinois and Michigan Canal, yomwe inatsegulidwa mu 1848 kuti mabwato azichoka ku nyanja ya Michigan n'kukafika mumtsinje wa Illinois. Pansi pa nthaka ya derali pali mwala wa laimu wochuluka zedi, ndipo kukumba ndi kusema mwalawu kunasanduka ntchito ya anthu ambiri. Ndi mwala womwewo anamangira ndende yotchuka ya Joliet, imene inayamba kulandira akaidi mu 1858, komanso matchalitchi ndi masukulu. Mu 1869 kunabwera fakitale ya zitsulo, yomwe inakula mpaka kukhala imodzi mwa zikuluzikulu m'dziko lonselo. Ntchitozi zinakoka anthu ochokera ku Ireland, Germany, Slovenia, Poland, Italy ndi maiko ena a ku Ulaya. Ambiri anafika asakudziwa Chingerezi, ndipo ankadya za thukuta lawo pafupi ndi ng'anjo. Mwana wa m'banja lotere akamaliza sekondale, zoti apite kukagonera ku yunivesite yakutali zinali zosatheka, poti ndalama ya fizi, malo ogona ndi chakudya inalibe kochokera.

Anthu awiri ndi amene amatchulidwa monga oyambitsa kolejiyi. Woyamba ndi J. Stanley Brown, yemwe anali mkulu wa sukulu ya sekondale ya Joliet Township High School. Wachiwiri ndi William Rainey Harper, mtsogoleri woyamba wa University of Chicago. Awiriwa ankadziwana, ndipo onse anali a mpingo wa Baptist, koma zimene ankafuna sizinali zofanana kwenikweni. Harper ankakhulupirira kuti yunivesite yeniyeni iyenera kukhala malo a kafukufuku ndi maphunziro ozama, monga mmene zinalili ku Germany, ndipo ankaona kuti zaka ziwiri zoyambirira za digiri n'zongopitiriza za ku sekondale. Pa yunivesite yake anagawa maphunziro m'magawo awiri, loyamba n'kulitcha junior college, lachiwiri senior college, ndipo ankalimbikitsa masukulu a sekondale olimba kuti azidziphunzitsira okha gawo loyambalo. Brown ankayang'ana ana a mumzinda wake. Ankawaona chaka ndi chaka akumaliza sekondale ali ndi nzeru, koma n'kukathera kufakitale kapena kunyumba chifukwa cha kusowa.

Mbiri imene imafotokozedwa pa miyambo ya kolejiyi imakonda kuwaika awiriwa pamodzi ngati anthu a mtima umodzi. Komabe olemba mbiri ya maphunziro ena amanena mosabisa kuti atsogoleri a mayunivesite a nthawi imeneyo ankafunanso kudzipeputsira mtolo, kuti khamu la ophunzira atsopano likaphunzire kwina ndipo kwa iwo kuzifika osankhika okha. Zonse ziwirizi n'zoona. Koleji ya zaka ziwiri inabadwa monga khomo lolowera, inabadwanso monga sefa, ndipo mkangano wa mbali imene ikukula pakati pa ziwirizi sunathe mpaka lero.

Poyamba panalibe chikwangwani cholembedwa kuti koleji. Ophunzira asanu ndi mmodzi aja ankangoonedwa ngati ana omwe amaliza sekondale koma akupitiriza maphunziro owonjezera m'nyumba yomweyo, nyumba yaikulu ya mwala wa laimu yomwe inatsegulidwa chaka chomwecho cha 1901. Mu Disembala 1902 komiti yoyang'anira sukuluyo inavomereza maphunzirowa mwalamulo n'kunena kuti akhale aulere. Dzina lakuti Joliet Junior College linakhazikitsidwa mu 1916. Chaka chotsatira bungwe la North Central Association linavomereza kuti maphunziro ake ndi a mulingo woyenera, ndipo boma la Illinois linalola kuti ena mwa maphunzirowo aziwerengedwa popereka satifiketi ya uphunzitsi. Pa nthawiyo ophunzira anali 82.

Kwa zaka zoposa 60 koleji ndi sekondale zinakhala pansi pa denga limodzi. Teremu yoyamba ikamatsegulidwa, mnyamata amene analandira satifiketi yake ya sekondale mu Juni ankakwera masitepe omwe aja, kudutsa m'makonde omwe aja, n'kukapeza mphunzitsi amene anamuphunzitsa chaka chatha ataima kutsogolo. Izi zinali ndi ubwino wake, chifukwa kolejiyo sinkalipira nyumba, laibulale ngakhale zipinda zochitiramo sayansi, ndipo n'chifukwa chake inkatha kukhala yotchipa. Koma zinkabweretsanso chitonzo chimene makoleji a mtundu umenewu akhala akulimbana nacho kulikonse ku America, chakuti ndi sekondale yongotalikitsa. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 anawonjezera maphunziro a zamalonda ndi a ntchito za m'mafakitale. Chuma cha dziko chitagwa kuyambira mu 1929, mabanja amene kale akadatumiza ana awo kutali anayamba kuwasunga pakhomo, ndipo makoleji a zaka ziwiri m'dziko lonse analandira ophunzira ochuluka kuposa kale. Apa ndi pamene panayamba kuoneka chizolowezi chimene chadzabwerezedwa kangapo: ntchito ikasowa, makalasi amadzaza.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inasintha derali. Kumwera kwa mzinda boma linamanga fakitale yaikulu ya zipolopolo ndi mabomba, yodziwika kuti Joliet Arsenal, imene inalemba ntchito anthu masauzande, amuna ndi akazi omwe. Anyamata ambiri anapita kunkhondo. Atabwerera, lamulo la 1944 lotchedwa GI Bill linawalipirira maphunziro, motero m'makalasi munalowa amuna akuluakulu, ena okwatira ndi ana, amene sankafuna nthano zambiri koma luso lowapezetsa ntchito. Kolejiyi inakulitsa maphunziro a ntchito a zaka ziwiri chifukwa cha iwowa. Mu 1947 komiti imene Pulezidenti Harry Truman anaikhazikitsa kuti iunike maphunziro apamwamba inatulutsa lipoti lolimbikitsa kuti makoleji otere afalikire m'madera onse, ndipo lipotilo ndilo linatchukitsa dzina lakuti community college. Makoleji ambiri pambuyo pake anasintha maina awo. Ya ku Joliet inasunga dzina lake lakale.

Kusintha kwakukulu kunadza m'zaka za m'ma 1960, pamene ana ochuluka obadwa nkhondo itangotha anafika msinkhu wolowa koleji. Mu 1965 nyumba ya malamulo ya Illinois inakhazikitsa lamulo lolola kuti makoleji a zaka ziwiri azikhala ndi madera awoawo, komiti yawoyawo ndi mphamvu yotolera msonkho. Mu 1967 anthu a m'madera ozungulira Joliet anavota kuti pakhale dera lotchedwa District 525, ndipo kuyambira pamenepo kolejiyo inasiya kukhala nthambi ya sekondale. Kwa zaka ziwiri inachita lendi zipinda m'nyumba yakale ija. Mu 1968 komiti yatsopanoyo inasankha malo okwana maekala 368 kumadzulo kwa mzinda, m'mbali mwa msewu wa Houbolt Road, komwe panthawiyo kunali minda yokhayokha. Posafuna kudikira nyumba zokhazikika, inamanga nyumba 17 zongoyembekezera, ndipo mu Seputembala 1969 makalasi anayamba kumeneko ndi ophunzira 4,130, a masana ndi a usiku. Teremu imeneyi ndiyo malire enieni m'mbiri ya kolejiyi. Wophunzira amene kale ankayenda pansi kapena kukwera basi kupita pakati pa tauni anayamba kufunika galimoto, ndipo malo oimikapo magalimoto anakhala mbali ya moyo wa pakoleji monga mmene laibulale ilili. Nyumba zokhazikika zinayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1974.

Pasanapite zaka khumi, mzinda unagwa m'mavuto. Ntchito za zitsulo zinatha, mafakitale ena anachepetsa antchito, ndipo cha m'ma 1983 pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito mumzindamo analibe pogwira. Masitolo a pakati pa tauni anatseka limodzi ndi limodzi. Amene ankabwera kudzalembetsa mu Ogasiti m'zaka zimenezo sanali achinyamata okha. Kunkafika bambo amene wagwira ntchito ya zitsulo zaka makumi awiri ndipo akufuna kuphunzira za magetsi kapena za kompyuta, ndiponso mayi amene akufuna unamwino chifukwa malipiro a pakhomo aduka. Mu 1980 kolejiyi inabwereranso pakati pa tauni potsegula makalasi m'nyumba yakale yotchedwa Renaissance Center, yomwe inagwirizana kwambiri ndi maphunziro a zophikaphika ndi za mahotela. Mu 1993 inatsegula nthambi ina ku Romeoville, kumpoto, komwe anthu ochoka ku Chicago ankamanga nyumba mochuluka.

Chuma chimene chinalowa m'malo mwa zitsulo n'chosiyana kotheratu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera nyumba za juga za pamtsinje. Ndende yakale ija inatsekedwa mu 2002. Malo a fakitale ya zipolopolo anawagawa: mbali ina inasanduka dambo losungidwa la Midewin, ina manda a asilikali, ina malo akuluakulu otsitsira ndi kukwezera makontena a sitima za pamtunda. Popeza misewu ikuluikulu ya Interstate 55 ndi Interstate 80 imakumana pafupi ndi mzindawu, derali ladzaza ndi nyumba zosungiramo katundu, ndipo magalimoto amtengatenga amayenda usana ndi usiku. Pa kalembera wa 2020 mzinda wa Joliet unali ndi anthu pafupifupi 150,000, ndipo gawo lalikulu la iwo ndi mabanja olankhula Chisipanishi, makamaka ochokera ku Mexico. Ana awo ambiri ndi oyamba m'banja mwawo kulowa koleji, monga analili ana a anthu a ku Slovenia ndi Poland zaka 100 zapitazo.

Masiku ano kutsegulira kwa teremu kumayamba kalasi yoyamba isanachitike. Wophunzira watsopano amalembetsa pa intaneti, n'kuunikidwa pa Chingerezi ndi masamu kuti adziwike poyambira. Amene wapezeka kuti watsalira amayamba ndi makalasi okonzekeretsa, omwe amawalipirira koma sawerengedwa pa digiri, ndipo nkhani imeneyi yadandaulitsa anthu ambiri mpaka boma la Illinois linalowererapo kuti njirayo ifupikitsidwe. Kenaka pamabwera nkhani ya ndalama. Wofuna thandizo amadzaza fomu ya boma yotchedwa FAFSA, yomwe imatsegula njira ya thandizo la Pell Grant lochokera ku boma lalikulu ndi la MAP lochokera ku boma la Illinois. Fizi imawerengedwa potengera maola amene kalasi imatenga pa sabata, ndipo wokhala m'dera la District 525 amalipira zochepa kuposa wochokera kunja kwake, pa chifukwa chomveka chakuti banja lake limapereka kale msonkho wa nyumba ndi malo umene umathandiza kuyendetsa kolejiyo. Digiri ya zaka ziwiri imafuna maola oterewa pafupifupi 60. Wotenga maola 12 pa teremu amawerengedwa kuti ndi wophunzira wa nthawi zonse, koma ambiri amatenga ochepera pamenepo chifukwa amagwira ntchito kapena akulera ana.

Sabata yoyamba imakhala ya piringupiringu. Magalimoto amazungulira kufuna poima, kusitolo ya mabuku kumakhala mzere, ndipo ku ofesi ya alangizi kumadzaza anthu ofuna kusintha kalasi chifukwa yawombana ndi shifiti ya kuntchito. M'kalasi imodzi mungathe kukhala mtsikana wa zaka 18, msilikali wopuma, ndi mayi amene wangosiya mwana kwa agogo ake. Magulu a ophunzira amayala matebulo m'makonde kukopa mamembala atsopano. Ntchito imeneyi ndi yovuta pa koleji imene anthu ake sagonera, chifukwa kalasi ikangotha ambiri amathamangira kugalimoto. Madzulo kumalowa gulu lina, la ophunzira Chingerezi monga chilankhulo chachiwiri ndi la akuluakulu amene akufuna satifiketi yofanana ndi ya sekondale. Teremu isanafike patali pamakhala tchuthi cha Labor Day, Lolemba loyamba la Seputembala, ndipo cha pa tsiku lakhumi la makalasi koleji imawerenga mwalamulo ophunzira amene alipo. Chiwerengero chimenechi akuluakulu amachidikira ndi mtima m'mwamba, popeza ndicho chimasonyeza ngati chaka chayamba bwino.

Nkhani za pakoleji zimayenda m'njira zingapo. Ophunzira ali ndi nyuzipepala yawo yotchedwa The Blazer, ndipo nyuzipepala ya mumzinda, Herald-News, imalemba za kolejiyi makamaka pakakhala nkhani ya ndalama, ya nyumba zatsopano kapena ya utsogoleri. Gwero la nkhani zambiri zotere ndi misonkhano ya komiti yoyang'anira, imene aliyense amaloledwa kukhalapo. Komitiyi ili ndi anthu asanu ndi awiri osankhidwa ndi mavoti a anthu a m'deralo, komanso woimira ophunzira mmodzi. Ndi iwo amene amakhazikitsa fizi, kuvomereza bajeti, kusankha mtsogoleri wa koleji ndi kunena kuchuluka kwa msonkho umene adzatolere. Ndalama zimachokera mbali zitatu: msonkho wa m'deralo, boma la Illinois, ndi fizi. Boma likachedwa kapena kuchepetsa gawo lake, monga zinachitikira pamene Illinois inakhala zaka ziwiri, kuyambira 2015 mpaka 2017, yopanda bajeti yathunthu, mtolo umagwera eni nyumba ndi ophunzira. Choncho mlimi wa ku Grundy County, m'dera la District 525, amene sanapondepo pakolejiyi ali ndi chifukwa chowerengera nkhani zake.

Zamasewera zimaonetsa bwino mmene ndalama zimalamulira zinthu. Matimu a kolejiyi amatchedwa Wolves. Kwa zaka zambiri chizindikiro cha teremu yoyamba chinali mpira wa Chiamerika wogwira ndi manja, ndipo mu 2002 timu ya Joliet inapambana mpikisano wa dziko lonse wa makoleji a zaka ziwiri. Komabe nyengo ya 2011 itatha, komiti inathetsa timuyo chifukwa inkadya ndalama zambiri. Masewera ena akupitirira.

Anthu a m'derali amafikanso pakolejiyi ngakhale sali ophunzira. Pali nyumba yoonetsera nyenyezi ndi mapulaneti yotchedwa Herbert Trackman Planetarium, komwe ana a masukulu a pulaimale amabwera ndi aphunzitsi awo. Pali chipinda choonetsera zojambulajambula ndi bwalo la zisudzo. Ophunzira zophikaphika, omwe makhitchini awo anasamukira m'nyumba yatsopano ya pakati pa tauni yomwe inatsegulidwa mu 2017, amaphikira anthu wamba m'malo odyera amene ali mbali ya maphunziro awo. Ndipo popeza District 525 imafika mpaka kumidzi ya alimi, kolejiyi ili ndi munda wake weniweni, momwe ophunzira zaulimi amaona kukolola kwa chimanga ndi soya m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, teremu ili pakati.

Amene amaphunzitsa makalasi onsewa ali m'magulu awiri osalingana. Alipo aphunzitsi olembedwa ntchito yokhazikika, ndipo alipo ochuluka amene amalembedwa pa teremu, n'kumalipidwa potengera makalasi amene aphunzitsa. Ena mwa a gulu lachiwirili ndi anamwino, owerengera ndalama kapena amisiri amene amaphunzitsa madzulo akaweruka kuntchito, ndipo amabweretsa luso lenileni la pantchito. Ena amadalira uphunzitsiwo pa moyo wawo wonse ndipo amayenda makoleji angapo pa sabata. Kwa otere, Ogasiti ndi mwezi wa nkhawa, chifukwa kalasi imene sinapeze ophunzira okwanira imafafanizidwa masiku ochepa teremu isanayambe, ndipo malipiro ake amapita nayo. Umu ndi mmene zilili m'makoleji a zaka ziwiri ambiri m'dzikolo, ndipo kutchipa kwa fizi kumene anthu amakutamanda kwatsamira pang'ono pa anthu amenewa.

Funso lakale lija la khomo ndi sefa limabweranso poona amene amamaliza. Mu 1960 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Burton Clark, ataunika koleji ina ya zaka ziwiri ku California, analemba kuti makoleji otere amaziziritsa pang'onopang'ono chiyembekezo cha ophunzira ofooka mpaka iwo eni n'kusiya okha maloto a digiri yayikulu. M'dziko lonse, ambiri amene amalowa akunena kuti adzapitirira ku yunivesite safikako. Oikira kumbuyo makolejiwa amayankha kuti muyeso umenewu ndi wokondera, chifukwa munthu amene anabwera kudzaphunzira kuwotcherera zitsulo kwa miyezi ingapo n'kupeza ntchito sanalephere, ngakhale mabuku amulemba kuti sanamalize. Chimene boma la Illinois linachita ndi kukonza mgwirizano wotchedwa Illinois Articulation Initiative, umene unayamba kukonzedwa mu 1993, kuti maphunziro oyambira amene munthu wakhoza pa koleji ngati ya Joliet azilandiridwa ndi mayunivesite amene ali m'mgwirizanowo popanda kumubwerezetsa. Ambiri ochoka ku Joliet amapitirira ku mayunivesite apafupi monga Lewis University, University of St. Francis, Governors State University ndi Northern Illinois University.

Chizolowezi chakuti makalasi amadzaza ntchito ikasowa chinaonekanso chuma chitagwedezeka mu 2008, pamene makoleji a zaka ziwiri m'dziko lonse analandira ophunzira ochuluka kwambiri, kenaka chiwerengerocho n'kumatsika ntchito zitayamba kupezeka. Mliri wa Covid-19 ndiwo unaswa chizolowezichi. Mu Malichi 2020 makalasi anasamukira pa intaneti, ndipo teremu ya Ogasiti chaka chimenecho inatsegulidwa makonde ali pafupifupi opanda anthu. Ngakhale ntchito zinasowa, ophunzira m'makoleji otere anachepa kwambiri, chifukwa amene amadalira makolejiwa ndi omwewo amene analibe intaneti yodalirika, chipinda chophunziriramo kapena wowasungira ana. Kuchokera nthawiyo makalasi a pa intaneti akhala mbali yokhazikika ya ndandanda, ndipo gulu limene lakula m'makoleji a Illinois ndi la ana a sekondale amene amatenga maphunziro a koleji asanamalize sukulu, nthawi zambiri m'makalasi a pasukulu pawo pomwepo. Teremu yoyamba imatenga masabata pafupifupi 16, imapumira pa tchuthi cha Thanksgiving kumapeto kwa Novembala, ndipo mayeso amalembedwa mu Disembala. Pofika nthawiyo kulembetsa kwa teremu ya Januwale kumakhala kutayamba kale, ndipo komiti imakhala itavomereza msonkho umene eni nyumba a m'dera lonse la District 525 adzapereke chaka chotsatira.